Kudzandira Kosanunkha Mowa

Mmisiri wa magetsi anatuluka m'bafa m'mawa akudzandira, mpaka anagunda chitseko ndi phewa. Mkazi wake mtima unamupweteka. Awiriwa anali atangofika kumene kukampu ya antchito pamwamba penipeni pa phiri, ulendo umene lole inawakweza tsiku limodzi kuchokera kuchigwa. Komanso bamboyu anali atasiya mowa, atalumbira pamaso pa abale onse.

"Mwayambanso eti, bambo a mwana?" ananong'ona mayiyo. "Ntchito yatsopano, anthu achilendo, inu mukuyenda ngati nkhanu!"

"Sindinamwe," anayankha mwamunayo lilime likulemera. "Mutu ukung'amba."

"Matsire amenewo. Kagoneni musanandichititse manyazi."

Anamukokera kuchipinda n'kutseka makatani. Kapitawo atagogoda, mayiyo ananama kuti bambo atuluka kale. Manyazi ndi oipa ndithu: mwamuna akusanza, mkazi ali kalikiliki kutchinga zenera.

Koma makoma a nyumba za pakampu anali a matabwa, sankasunga chinsinsi. Namwino, amene ankakhala khomo loyandikana, anamva zonse ndipo analowa osadikira kuitanidwa.

"Pepani anamwino, angolawa pang'ono," anatero mayiyo atazolika.

"Mwamva fungo la mowa?"

Mayiyo anapukusa mutu. Fungo sanalimve, ndipo sanaganize n'komwe zonunkhiza.

Namwino anauza bamboyo kuti ayende molunjika motsatira thabwa limodzi la pansi. Analephera. Atamufunsa kumene ali, anatchula kwawo kuchigwa.

"Awa sanaledzere, akudwala matenda a pamwamba," anatero namwino. "Kuno mpweya ndi wochepa, ndiye munthu akakwera mofulumira thupi limasowa okosijeni. Zimayamba ndi mutu, nseru, kutopa ndi kusowa tulo. Akafika podzandira ndi kusokonezeka chonchi, ubongo wayamba kutupa. Atsike pompano."

"Nanga ine bwanji ndili bwinobwino?"

"Sasankha mphamvu, mayi. Wina amamugwira, wina ayi."

Namwino anamupatsa okosijeni n'kuitana kapitawo yemwe uja ananamizidwa kuti abweretse galimoto. Anthu onse amene mayiyo ankawabisira ndi amene ananyamula mwamuna wake. Mayiyo ankalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Kuchipatala cha kumunsi bamboyo anachira patapita masiku angapo. Dokotala atamulola kubwerera kuntchito, bamboyo anakwera phirilo pang'onopang'ono, akugona m'njira kuti thupi lizolowere.

Mkazi wake anapepesa misozi ili m'maso. "Munandiuza kuti simunamwe, ine osamva. Anamwino akuti mukanagona mpaka madzulo, mwina simukanadzuka. Ndipotu ndine ndinakugonekani."

Tikamapita kumalo okwera kwambiri, tizikwera mosathamanga, tizipuma ndi kupewa mowa. Mutu kapena nseru zikayamba, tisakwerenso. Munthu akayamba kudzandira, kusokonezeka kapena kubanika ali chikhalire, timutsitse msanga ndi kuitana achipatala. Tisamutsekere m'nyumba poopa kusekedwa.