Imelo Yosafunsa za Mbuzi

Ine mawu akuti "ayi" amandikakamira pakhosi ngati mbatata yodya popanda madzi. Kusukulu ankanditcha Kachetechete. Nditalemba mayeso a Fomu 4, achimwene anga Anas anati ndiziwadikirira shopu yawo yojambula zithunzi pamsika wa kwa Chiwalo. Ndinavomera. Ndikanakana bwanji kumene?

Tsiku lina achimwene anapita ku Limbe kukagula inki ndi mapepala. Asanakwere minibasi anagogoda kompyuta ndi chala.

"Nusaiba, umu muli zithunzi zonse za ukwati wa Madalo. Sindinazisunge kwina, ndipo mukamera ndinafufuta kale. Zikatayika, Mayi Rozaria atisamutsa pamsika pano. Maimelo uziwerenga, koma chilichonse chokuuza kuti dina apa msanga, usadine. Ndi momwe amalowera mavairasi odya zithunzi."

Mayi Rozaria ndi mayi ake a Madalo, ndipo mawu awo amamveka kuchigayo iwo ali kumjigo. Anafika masana kuti angoona zithunzizo pagalasi podikira kuti zitsukidwe. Amayi anga, a Hajira, nawonso analowa ndi kambale ka chinangwa chophika. Ndisanatsegule zithunzi, imelo inalowa, yochokera kwa amalume Zubairi, achimwene awo a amayi amene amagulitsa m'golosale ku Joni.

Vuto langa ndi lakuti ndikamawerenga milomo imayenda yokha. Mutu wa imeloyo ndinautanthauzira chapansipansi: "Zithunzi za ukwati wanga."

"Ukwati wa ndani?" anafunsa amayi. Makutu awo amamva nsikidzi ikuyenda.

"Ya amalume iyi."

"Zubairi? Wakwatira? Osandiuza ine mlongo wake?" Anaika kambale pamwamba pa pulinta. "Tsegula ndimuone mkaziyo."

M'imelomo munali mizere iwiri ya Chingelezi ndi kabokosi kobiriwira kolembedwa kuti dinani apa msanga. Ndinafuna kunena kuti amayi, ichi n'chija achimwene aletsa. Chomwe chinatuluka n'chakuti, "Eee."

Pakamwa patakanika, phazi linandithandiza. Ndinavula silipasi pansi pa tebulo, ndinakowa chingwe cha mausi ndi chala chachikulu, n'kusolola. Kenako ndinagwedeza mausiyo mwaulemu, kamuvi ka pagalasi kali duu.

"Yafa," ndinanong'ona.

Amayi anailanda, kuimenya kawiri pachikhatho ngati tochi, kuipemerera kunsi. Ayi ndithu.

"Chabwino, werenga zomwe walemba. Yambira poyamba."

"Akuti, bwenzi lokondedwa, onani zithunzi za ukwati wanga."

"Ndati poyamba, mwana iwe."

"Poyamba ndi pomwepa."

Muyenera kuwadziwa amalume Zubairi. Iwo sayamba nkhani asanapereke moni kwa mudzi wonse. Kaya ndi pafoni kaya ndi paimelo, amayamba ndi salamu, kenako amafunsa aliyense ndi dzina lake, afunse nandolo wa kumunda wa kuphiri, denga la khitchini, njinga yomwe anasiya, n'kumalizira mbuzi yawo ya nyanga imodzi. Nthawi ina anaimba kudzatiuza kuti athyoka mwendo, koma mayunitsi anatha ali pa nandolo.

"Sanafunse za mbuzi?" anatero amayi.

"Ayi."

"Za ine?"

"Angoti bwenzi lokondedwa."

Ndinapuma. Ndinaganiza kuti basi, azindikira okha kuti si amalume alemba. Koma Mayi Rozaria anasendera pabenchi, maso akuwala.

"Amake Anas, zimenezi ndazionapo. Wamudyetsa khuzumule. Mwamuna akadya khuzumule amaiwala ndi mbuzi zomwe."

"Walahi mwanena zoona, amake Madalo! Ndiye ndimuone nkhope mfiti yakeyo lero lomwe!"

Mayi Rozaria anawerama kuti atole ambulera yawo. Ali chowerama choncho anafuula, "Taonani, kachingwe kachoka apa! N'chifukwa chake." Ndipo ndi manja awo omwe, mayi a mkwatibwi analowetsa chingwecho pamalo pake. Kamuvi kanadzuka. Dzanja la amayi linali kale pa mausi, likukwawira kukabokosi kobiriwira.

M'maganizo mwanga ndinaona Madalo atavala velo, akumwetulira ndi mpata wa mano ake, chithunzi chomwe sichidzajambulidwanso.

"Ayi!"

Mawuwo anatuluka aakulu moti telala wa khomo loyandikana anaimitsa makina. Manja anga onse awiri anali ataphimba dzanja la amayi. Popeza pakamwa panali patatseguka kale, mawu enawo anangotsatira.

"Amayi, awa si amalume. Pali wina walowa mu imelo yawo. Tikadina apa, kachilombo kalowa n'kutseka zithunzi zonse za Madalo. Ngati akwatiradi, aimbireni muwafunse. Mkaziyo sathawa."

Mayi Rozaria anaimirira pakati pa amayi ndi kompyuta, ambulera ili m'manja ngati mlonda wa kubanki.

"Zithunzi za mwana wanga? Amake Anas, chotsani dzanja. Mlamu wanuyo mukamuonera ku Joni."

"Si inu mumati khuzumule?"

"Khuzumule kapena ayi, imbani foni."

Amayi anaflasha, amalume n'kuimba. Anaika pa laudi.

"Asalamu alaikumu, achemwali! Muli bwanji? Anas ali bwanji? Nanga Nusaiba, wayamba kulankhula?"

"Zubairi, wakwa..."

"Nandolo wachita maluwa? Denga lija munakonza?"

"Zubairi!"

"Njinga yanga musamabwereke anthu a kumpira. Nanga mbuzi yanga?"

"Mbuzi ili bwino! Iwe wakwatira?"

Kunamveka kuseka mpaka kutsokomola. "Inunso? Kuyambira m'mawa anthu akundiimbira kundifunira mafuno abwino. Dzulo ndinalandira imelo yonena kuti mnzanga wa kumzikiti wakwatira, ndione zithunzi. Ndinadina, nanga si ndimafuna kuona amene wamulola ndi mutu wake uja? Lero kompyuta ya abwana yatseka zonse, ndipo imelo yanga ikuitanira anthu ku ukwati wopanda mkwatibwi. Musadine, mwamva?"

"Ife?" anatero amayi. "Ife tinadziwa kalekale. Imelo yosafunsa za mbuzi ingakhale yako?"

Ndinaifufuta imelo ija, n'kutsegula zithunzi za Madalo. Zonse zinalipo. Mayi Rozaria anaziona chimodzichimodzi, akudandaula kuti Anas anawajambula akutafuna, ndiponso kuti duku lawo linapendekeka popanda wowauza. Atafika pa chithunzi cha velo chija anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Amayi anatenga kambale kawo pa pulinta, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda silipasi.

"Kani mawu uli nawo. Ndiye mawa ukawauze aneba athu a Kaliati kuti nkhuku zawo zisiye kudya ndiwo zanga."

Ndinati eee.

Koma kunena zoona, nanenso ndinkafunitsitsa kumuona mkazi wa amalumeyo. Ndinali nditamuganizira kale: wamtali, wa magalasi, woopa mbuzi.