Lumo la ku Mongue

"Malezala atha," anatero a Berta osadzutsa ndi mutu womwe. "Otsala kumbuyoko ndi alendo."

Kumbuyoko kunatsala munthu mmodzi yekha, Carlota, ndipo malezalawo sanathe ayi. Kapaketi kanali poyera pachitenje cha mayiwo, kakadali konenepa ndithu.

Linali tsiku lometa maliro a Yotam, uja ankagulitsa zitsulo za njinga pamsika wa Milange. Kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mapeyala, achibale anali atakhala pamphasa mitu ikunyezimira. A Berta, mlongo wake wa malemuyo, anali atawoloka kuchokera ku Muloza kudzayendetsa mwambowu. Masiku ano aliyense amametedwa ndi lezala lakelake poopa matenda, ndiye nkhani imakhala yosabisika: wapatsidwa lezala ndi mwini maliro, amene sanapatsidwe ndi wongodzapepesa.

Carlota sanabwere kudzapepesa. Anachokera ku Mongue, kumene ngakhale mbuzi zinkadziwa kuti iye ndi mwana wa Yotam mwa malemu Cremilda. Bamboyo ankapita kumeneko ndi katundu mwezi ndi mwezi, ankamulipirira sukulu, ankamugulira nsapato. Anali munthu wabwino, koma tinene zoona, anali wamantha. "Ndidzakutenga ukawaone abale ako," ankatero chaka ndi chaka, mpaka dothi linamutseka pakamwa.

"Tia," anatero Carlota, kuwatchula azakhali m'Chipwitikizi, "ine si mlendo. Wagona kumandayo ndi bambo anga."

"Tia wako ndani?" A Berta anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi. "Mchimwene wanga ana ake ndi awa ndawametawa. Munthu akamwalira ali ndi sitolo, ana amamera ngati bowa."

"Sitoloyo idyani. Sindinabwerere sipoko ngakhale imodzi. Ndabwerera mutu wangawu."

Chisomo, mwana woyamba wa Yotam wa m'tauni muno, anadzuka akupukuta sopo kukhutu. "Achemwali, musatiyambitsire phokoso pamaliro. Ndalama yokwerera minibasi ya chapa tikupatsani, muzipita bwinobwino."

"Wanditchula bwino kuti achemwali," anayankha Carlota. "Ya chapayo usunge."

Mtima unkamuwawa koopsa, koma anali atalira mokwana m'masiku apitawo, ali kumbuyo kwa anthu ngati wakuba. Lero analumbira kuti msozi sautaya pamaso pa a Berta. Anatsegula chikwama chake natulutsa kanthu kokulunga m'kansalu. Linali lumo lachitsulo lometera ndevu, la mtundu uja womasula chogwirira n'kuika lezala pakati. Chogwiriracho chinali chokulungidwa ndi ulusi wofiira wothimbirira. Yotam ankalisunga ku Mongue, pamwamba pa chitseko, pamodzi ndi malezala angapo.

Carlota anali ataona bambo ake akumeta nalo kosawerengeka, koma kuona ndi kwina, kugwira ndi kwina. Atamasula, lumo linagawika patatu, kachidutswa kamodzi n'kugwera m'fumbi. Wina pamphasa anaseka. Carlota anakatola, nakapukuta pachitenje, naika lezala ataligwira m'mbali mosathwa monga ankachitira bamboyo, kenako namanga.

"Madzi ali kuti?"

Anapita yekha pamgolo natunga ozizira m'kambale. Anatola sizasi pamphasa osapempha, nayamba kudula zingwe zoluka za tsitsi lake. Zinkagwa pansi imodziimodzi, zingwe zimene anakhalira tsiku lathunthu kuti amuluke.

"Mtsikana iwe," anatero a Berta, mawu atakwera, "munthu sadzimeta yekha pamaliro. Ukufuna kutiitanira chiyani pakhomo pano?"

"Ndiye ndimeteni."

A Berta anayang'ana kumbali.

"Pronto, basi. Ndidzimeta."

Anapaka sopo mothamanga, thovu losakwanira n'komwe, naika lumo pamphumi n'kukoka ulendo umodzi mpaka paliwombo. Lumo linatsamwa ndi tsitsi. Iye poganiza kuti labuntha anakanikiza ndi mphamvu, monga amachitira aliyense woyamba kumene. Lezala latsopano silidziwa kuti munthu ali pachisoni. Magazi anatsika kudutsa pansidze n'kudontha pabulauzi.

"Mwaona!" anafuula a Berta. "Malemu akukana!"

"Malemu sakukana, tia. Ndine amene sinditha kumeta."

Anatsuka lumo m'kambale nayambanso chakukhutu. Linamutemanso. Madzi m'kambale anasanduka ofiirira, koma sanasiye. Mutu unali ngati munda wolimidwa ndi ana, apa polima, apa posiya. Amene anaseka uja tsopano ankayang'ana pansi.

Nthawi yonseyi a Tereza, mkazi wamasiye wa Yotam, anali khale pakhonde atafunda chitenje chakuda. Maso awo sanali pa magaziwo, anali pa ulusi wofiira uja. Anadzuka pang'onopang'ono, nalowa kukhitchini, natuluka ndi ketulo ya madzi ofunda.

"Alamu, khalani pansi," anatero a Berta. "Inu simuyenera kugwira kanthu lero."

A Tereza anawadutsa ngati sanamve. Anaima pamaso pa Carlota natambasula dzanja. "Bweretsa."

Carlota analifumbata kwambiri. "Simundilanda. Ndi la papa."

"Ndikulidziwa kuposa iwe. Ulusiwo ndinakulunga ndine, chifukwa linkamuterereka m'manja akapaka sopo." Anapumira m'mwamba. "Anandiuza kuti linagwera mumtsinje wa Ruo. Ndinamugulira lina."

Kenako a Tereza anapitiriza.

"Zaka zonsezi munthu ankapita ku Mongue ali ndi ndevu, n'kubwerako chibwano chili see. Mumayesa ndinalibe maso? Ndinkadikira kuti anene yekha. Sananene." Anatembenukira kwa mlamu wawo. "Inunso a Berta mumadziwa. Nsapato zina za mwanayu ankakutumani ndinu kumsika wa ku Limbuli."

A Berta anayamba kukonzakonza mpango wawo umene unali wokonzeka kale.

"Khala pansi, mwanawe," anatero a Tereza. "Bweretsa lumolo usanadzisenge khutu."

Carlota anawayang'ana nthawi yaitali, akufufuza ngati pali msampha. Kenako anapereka, nakhala pamphasa pakati pa ana a Yotam. Palibe anamusunthira, koma palibenso anamuthamangitsa.

A Tereza anadula kaye tsitsi lotsala ndi sizasi mpaka linafupika. Ananyowetsa mutu wonse ndi madzi ofunda, napaka sopo mpaka thovu linachita kuyera, nadikira pang'ono kuti tsitsi lifewe.

"Uziona, mawa udzameta ana ako. Suyamba tsitsi lili lalitali. Ndipo sukanikiza. Lumoli ndi lolemera kale, umangolipendeketsa pang'ono, lizidziyendera lokha. Pang'onopang'ono, kutsata kumene tsitsi lagonera. Ukakoka kawiri, tsuka."

Anali mawu a bambo ake enieni, mpaka kakomedwe kake. Carlota analuma mlomo. Lumo linkayenda mofewa, likulira kuti kwee, kwee, ndipo pamabala paja a Tereza ankalambalala mosamala. Pofika kukhutu analipinda ndi zala ziwiri. Tsitsi la Carlota linagwera pamulu womwewo pamene panali la Chisomo ndi la ena onse, ndipo panalibenso munthu akanatha kulisankhula.

Atamaliza anamutsuka mutu, namupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo chakuda chija. Kenako, osaganizako n'komwe, anawerama namuuzira mpweya pakhosi kumbuyo katatu, fuu, fuu, fuu, kuchotsa titsitsi totsalira, n'kumugogoda pamutu ndi chala chimodzi.

Apa Carlota analephera kudzigwira. Ndi mmene Yotam ankamalizira akamumeta ali mwana, pakhonde la ku Mongue, ndipo iye ankayesa kuti zimenezi zinali zake yekha. Anadzutsa mutu misozi ili chuchuchu, naona Chisomo akumuyang'ana. Mnyamatayo anali atagwira kumbuyo kwa khosi lake.

A Tereza anamasula lumo, nachotsa lezala, natsuka zidutswa zonse zitatu n'kuziumitsa bwinobwino. Analikulunga m'kansalu kaja naliika m'manja mwa Carlota.

"Ukalibwezere pamene ankalisunga," anatero.