Nyimbo ya Kumapeto kwa Chimbale

Mawu a malemu Ursula anatsala pamalo amodzi okha: pachimbale cha sidi chimene kwaya ya kutchalitchi kwawo inakajambulitsa ku Lilongwe iye asanayambe kudwala. Nyimbo zonse ankaimba pagulu, koma yomaliza anaitsogolera yekha. Amuna ake, a Adamson, sankachiseweretsa chimbalecho. Chinkakhala m'sutikesi, chokulungidwa m'mpango, ndipo pochinyamula ankagwira m'mphepete kuti mbali yonyezimira isakandike.

Mwana wawo Pamela anakulira kuchikazi, ku Nambuma, poti mayi ake anamusiya asanayambe sukulu. Tsopano anali wamkulu, akuphunzira unamwino ku Blantyre. Tsiku lina anaimba foni kunena kuti akabwera patchuthi akufuna adzamve mawu a mayi ake. Nkhope ankaiona pachithunzi, koma mawu anali atamuthawa. A Adamson anayankha kuti palibe vuto, chimbale chilipo.

Mwezi womwewo iwo anapita ku Kanengo ndi fodya. Ali komweko, m'mudzi munagwa maliro a mayi wina wa m'kwaya, ndipo anthu anabwera kudzabwereka chimbale kuti chikalire pasiwa. Pakhomo anapeza a Nelia, mlongo wawo wamkulu wa a Adamson, amene ankawaphikira chimwalirire Ursula. A Nelia sakanakaniza anamfedwa. Komanso ankadziwa mmene zinthu zimasowera pamaliro. Mbale, mapoto ndi ndowa zawo zonse zinali ndi dzina lolembedwa kunsi ndi msomali, ndipo n'chifukwa chake zinkabwerera. Anatenga msomali womwewo, n'kupewa bwinobwino mbali yonyezimira, n'kulemba dzina la mlongo wawo pamwamba, cha kumphepete kumene kunalibe chithunzi.

Chimbale chinabwerera. A Adamson atabwerako, a Nelia anachipereka monyadira, akuti onani, chikanapanda dzina bwenzi chili kwa eni ake ena.

A Adamson atachiyesa, nyimbo zoyambirira zinalira bwino. Chakumapeto zinayamba kudumphadumpha, kenako zii. Anachipukuta ndi mpango, anachiuzira mpweya, anachiikanso. Yomaliza sinayambe n'komwe.

M'mawa mwake anapalasa njinga kupita pa Namitete, kwa Jabiri, amene anali ndi kompyuta kuseri kwa golosale ya bambo ake ndipo ankakopera anthu nyimbo ndi mafilimu. Jabiri anachiika m'kompyuta, chinazungulira, chinalira ngati chikukukuta mchenga. Anachitulutsa n'kupita nacho pakhomo, n'kuchikweza kudzuwa. Kuwala kunadutsa m'zilembo zonse, dzina lawo likuoneka ngati lolembedwa ndi moto.

"Ndani wachita zimenezi, madala?"

"Koma kunsiku n'kosalala," anatero a Adamson. "Taonani, kulibe ngakhale kachikande."

Jabiri anawafotokozera mosathamanga. Anati anthu ambiri amasamala mbali yolakwika. Pa sidi, nyimbo zimakhala pakachikopa kopyapyala kamene kali pamwamba penipeni, kunsi kwa utoto wa chithunzi. Kunsi kukakandika, nthawi zina amakusalaza n'kumveka. Koma msomali ukadutsa pamwamba umapala nyimbo zenizenizo, n'kugwa pansi ngati fumbi. Anawonjeza kuti chimbale chimayamba kuwerengedwa pakati kupita kunja, choncho nyimbo yomaliza imakhala kumphepete, pomwe panali dzinapo.

Kenako anatenga chimbale cha dividi chatsopano n'kuwaonetsa m'mbali mwake. Anati ichi ndi mapulasitiki awiri omatidwa, ndipo zojambulidwa zimakhala pakati, zotetezedwa uku ndi uku. Chimodzi chimanyamula za masidi asanu ndi limodzi n'kutsalako malo. Anamvanso kuti m'tauni mwafika zina zoposa pamenepa, zokutidwa ndi chikopa cholimba chosakandika msanga.

"Ikanakhala pa ichi, msomali sukanaifika?"

"Ukanangokanda pulasitiki basi."

A Adamson anachitembenuza chimbale chatsopanocho m'manja. Chinali chofanana ndendende ndi chawo, kukula kwake ngakhale kulemera. Anafunsa ngati m'tauni muli makina otha kubweza zomwe zapalika. Jabiri anapukusa mutu. Anafunsa ngati kupaka utoto m'zilembomo kungathandize. Jabiri anati kungatseke kuwala kokha. Iye naye anafunsa ngati a kwaya ena alibe chawo. Analibe. Zinajambulidwa zochepa, ndipo a Adamson anali atafunsa kale: china chinasweka, china chinapita ndi mwini wake ku Joni, china ana anachimangirira kumbuyo kwa njinga.

Jabiri anapulumutsa nyimbo zimene zinatsala n'kuziika pa dividi. Anati pamenepo zikhala zaka zambiri, bola osaziika padzuwa.

Kunyumba a Nelia anafunsa ngati anyamata a makompyuta achikonza. A Adamson anawayang'ana mlongo wawoyo, atakhala pamkeka akusenda mtedza ndi zala zotupa, ndipo anangoti chimbale chinakalamba. A Nelia anati n'zoona, zinthu za masiku ano sizikhalitsa.

Pamela anafika Loweruka masana. Atadya, bambo ake analumikiza kubatire wailesi yawo, imene inkalandira sidi ndi dividi zomwe, n'kuika chimbale chatsopano. Anamuuza kuti nyimbo imene mayi ake anaimba okha inawonongeka, koma m'zotsalazi alimo, ankaima mzere wakutsogolo, mbali ya kumanzere. Pamela sanafunse kuti inawonongeka bwanji. Anakokera mpando pafupi ndi sipika.

Kwaya inayamba. Mawu anali oyera, azimayi ambiri akukwera pamodzi, ng'oma ndi zisekese pansi pake. Pamela anapendeketsa mutu, akumvetsera ngati mmene anamuphunzitsira kumvetsera pachifuwa cha wodwala.

"Ndi awa, ababa? Amene akukweza kwambiriwa?"

A Adamson anatseka maso. Zaka zonsezi ankakhulupirira kuti mawu amenewo angawazindikire ngakhale pakati pa msika. Anamva wina wokweza, anamva wina wonjenjemera pang'ono kumbuyo kwake. Aliyense akanatha kukhala iye.

"Kapena ndi enawo, eti?" anafunsanso Pamela.

"Tabwezera," anatero bambo ake. "Tiyambirenso."

Pamela anadina batani, nyimbo inayambiranso. Onse awiri anaweramira kusipika, ndipo azimayi aja anakweranso pamodzi monga poyamba.