Bwerako m'munda wa mphesa

Maloto a dzulo sakundichoka m'mutu. Ndinalota ndikuyenda ndi Bwerako, galu amene akazi anga anayamba kuweta ine nditabwera kale kuno ku Kepi kudzathyola mphesa. Tinkatsetsereka m'mizere ya mphesa kulowera kunyanja, mphepo ikununkhira mchere ndi vinyo, koma pansi panali dothi lofiira lakwathu ku Dedza, lofunda kumapazi. Galuyo ankathyola mphesa ndi pakamwa n'kumandipatsa, ndipo zinkakoma ngati masuku. Atathamangira m'mafunde ndinakuwa dzina lake, koma mawu amene anatuluka anali a akazi anga.

Nditawafotokozera pafoni, anangoseka.

"Musaseke, mayi a Chisomo. Tanthauzo lake n'chiyani?"

"Bambo a Chisomo, inu mumayesa ndikamakuwa kuti Bwerako ndimakhala ndikuitana galu?"