Khadi ya Ramla

Khadi ya malemu mchemwali wanga Ramla ndinkaibisa m'kati mwa pilo. Inali yolandirira ndalama zothandizira ana, ndipo inali ndi chithunzi chake. Iye atamwalira, mwana wake Akimu, wa zaka zitatu, anabwera kwa ine kuno ku Rivirivi, ine ndili ndi khanda langa Zulfa kumsana. Chaka chonse sindinakalandire. Ndinamva kuti ku Nselema wina anamugwira ndi khadi ya womwalira, ndiye tsiku lolandira likamafika ndinkangokhala pakhomo.

Lachiwiri lina anatiitanira pabwalo la sukulu. Kunabwera a Hudson ochokera ku ofesi yoona za ndalamazi, mapepala ali m'manja. Anati kukubwera ndondomeko yatsopano, ndalama zikwera, ndipo akuluakulu akuoneka kuti avomera chifukwa mtengo wake si waukulu.

"Mwawerengera bwanji?" anafunsa a Walter, a komiti ya m'mudzi.

"Tawerengera amene amabwera kudzalandira. Kuno olembedwa ndi 90, obwera ndi 52. Otsalawo tikuyesa kuti sakuzifuna. Mayina awo achotsedwa mwezi wamawa."

Sukulu ndinalekezera Fomu 4, masamu amenewo ndinawamva. Akimu anali m'gulu lochotsedwalo.

Nditayamba kudzuka, a Yasmin oyandikana nawo nyumba anandikoka chitenje.

"Amake Zulfa, khalani pansi. Mukatulukira nonse osalandiranu mtengo ukwera, akuluakulu akaikana ndondomeko yonseyo. Mukufuna tigone ndi njala tonse?"

"Nanga mwanayu?"

"Ndi khadi ya womwalira? Mukamuyamwitsira kupolisi Zulfayo."

Ndinaimirirabe n'kuwapatsa a Hudson khadi ija.

"Bwana, ndalamazo tikuzifuna. Mwini khadi anatisiya, mwana wake ndi uyu. Ndinkaopa."

A Hudson anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinamva thukuta likutsika pakati pa msana wanga ndi Zulfa.

"Munalandirapo ndi khadi imeneyi?"

"Iyayi."

"Ndiye palibe mlandu, mayi. Kunali kungosintha dzina." Analemba Akimu pakapepala n'kundipatsa.

Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso. Amayi ena anali kuimirira, akumasula makadi pa mfundo za zitenje. Ndinawerenga khumi ndi mmodzi, ena akudzukabe. A Hudson anafufuta 52 uja, osalembapo china. Anatenga foni n'kupita kuseri kwa kalasi kukaimbira akuluakulu aja.

Pobwerera a Yasmin anayenda patsogolo, kundisiya m'mbuyo. Kapepala kaja ndinakafumbata mpaka kananyowa.