Anyamata Amene Anali Madzi

Mabwato awiri a matanga anafika pasukulu pathu ku Kambombo ine ndisanatumizidwe kuno, koma mbiri yake ndaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuinena ndili m'tulo. Bungwe lina la kunja linkafuna kuti achinyamata aphunzire mpikisano wa timabwato toyenda ndi mphepo. Munthu wina wa bungwelo anayang'ana pa mapu, anaona mzere wa mtsinje ukudutsa m'boma la Chama, basi n'kutumiza lole. Mtsinje wathuwo miyezi yambiri umakhala mchenga wokhawokha, woti amayi amafukula mpaka m'chigongono asanadzaze ndi kapu yomwe.

Madzi amabwera dzinja. Koma dzinja likangoyamba, ahedi athu, a Zimba, amatsekera mabwato onse awiri m'chipinda cha aphunzitsi. Amati ndi katundu wa boma, ndipo katundu wa boma sayenera kunyowa. Ine ndine Perpetua, ndimaphunzitsa zophika ndi zosoka, ndipo dzinja lililonse tiyi ndimamwera pansi pa mlongoti, mawondo atafika m'chibwano. Ndinayesapo kuwauza kuti bwato amalipangira madzi. Anandifunsa ngati makina anga osokera ndimawasiya pamvula.

Amene anapeza njira ndi a Albert Goma, aphunzitsi a zamasewera, ochokera ku Mufulira. Munthu ameneyu sanakwerepo bwato chibadwire, koma wezulo amaiimba ngati anabadwa nayo m'kamwa. Iwo anati popeza mabwato ndi a mpikisano, mpikisano uchitike, ndipo uzichitikira mumtsinje monga mmene azungu anafunira, kungoti m'mwezi wa Okutobala. Anamangirira nsungwi ziwiri pansi pa bwato lililonse. Anyamata anayi amanyamula nsungwizo pamapewa, woyendetsa n'kukhala m'kati, dzanja lina pachiwongolero, lina pachingwe cha thanga. Anyamata onyamulawo amatchedwa madzi.

Madzi ali ndi malamulo awo. Thanga likadzaza mphepo, amathamanga. Mphepo ikaleka, amaima pomwepo, ngakhale mchenga uwawotche mapazi. Amapita kumene chiwongolero chaloza, ndipo woyendetsa akakoka chingwe molakwika, madzi amapendeka n'kumukhuthulira pansi. Wogwayo saloledwa kudzuka. Amasambira chamimba pamchenga mpaka atagwiranso bwato lake.

Musaseke, zili ndi mbiri yake. Katswiri woyamba anali Sunday, yemwe lero ndi kondakitala wa basi ku Lundazi, ndipo amauzabe okwera kuti iye ndi munthu wa panyanja. Panali chaka china madzi ananyanyala chifukwa woyendetsa wina ananenepa kwambiri patchuthi. Chaka chinanso mphepo inasowa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mabwato ali njo pamapewa, mnyamata mmodzi n'kukomoka. A Albert analengeza kuti kwagwa chilala, ndipo mpikisano unathera pomwepo. Lamulo lalikulu kuposa onse, lomwe linabwera ndi mabwatowo, ndi lakuti ndi a achinyamata okha. Ukakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, watsika, sudzakweranso.

Pa onse amene anakwerapo, panalibe wofanana ndi Taizya. Mtsikana wochepa thupi, wosalankhulalankhula, koma kuyambira giredi naini palibe anamuposapo. Bwato lake linkakhota pamtengo wa mkuyu mosalala, anthu n'kumaimba nthungululu. Sanasambirepo mchenga ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsiku lina ankandithandiza kusoka chigamba pathanga, mvula yoyamba itagwa kale. Anasoka nthawi yaitali, kenaka anandifunsa osadzutsa mutu.

"Ba Madamu, kodi ine niziwa kuyendetsa bwato?"

Ndinamukumbutsa kuti wapambana zaka zonsezi. Anati zimenezo akudziwa, koma sizimene wafunsa. Zaka zake zinali kudzakwana kumapeto kwa Febuluwale, mabwato ali chitsekeredwe, ndipo akatero ndiye kuti moyo wake wonse adzakhala ngati Sunday, kuuza anthu zinthu zimene iye mwini sakuzidziwa. Ankangofuna kamodzi kokha, pamadzi enieni, kuti aone.

Zinandikhudza, ndipo zinandipsetsa mtima. Ndinapita kwa ahedi. Anandimvetsera bwinobwino, manja atapinda pamimba, kenaka anati akumvetsa, ndipo adzaliganizira pempholo mvula ikatha. Ndinapita kwa a Albert. Iwo anati madzi enieni ndi osadalirika chifukwa sadziwa malamulo. Ndinatuluka ndisanalankhule zoti zindichotsetse ntchito.

Ndiye inabwera mvula ya Febuluwale, ija yosadziwa kuleka. Mtsinje unadzaza, unasefukira, unadutsa m'minda, unameza bwalo la mpira mpaka mitengo ya zigoli kumira theka. M'mawa wina tinapeza madzi alowa m'chipinda cha aphunzitsi. Mabwato aja anali kuyandama okha m'katimo, akugunda mipando pang'onopang'ono. Ahedi anaima pakhomo atapinda thalauza, nkhope itagwa ngati ya munthu amene wapeza mbuzi zake m'munda mwa apongozi.

"Anyowa," anatero.

Atatsitsimuka analamula kuti mabwato apititsidwe msanga kuchitunda cha kutchalitchi, kutsidya kwa bwalo, kumene kunali kouma. A Albert anati bwato silingachoke malo ena kupita malo ena popanda woyendetsa, ndi lamulo. Anthu awiriwa kwa nthawi yoyamba anagwirizana pa chinthu chothandiza, ngakhale sanadziwe. Taizya anali asanakwanitse zaka zija, anali kudzazikwanitsa Loweruka la sabata yomweyo. Ine sindinadikire kuti aganizenso. Ndinatuma ana akamuitane.

Mudzi wonse unabwera. Anthu anadzaza pakhonde la sukulu ndi pa zulu za chiswe, abambo ena ataima ndi mitengo m'mphepete kuyang'anira ng'ona. Tinamasula nsungwi, tinakankhira bwato limodzi pabwalo, Taizya n'kukwera. A Albert anaimba wezulo.

Bwato linazungulira. Taizya anakhotetsa chiwongolero monga amachitira masiku onse, bwato n'kuzungulira kwina. Anakoka chingwe, thanga linamuwomba kumaso. Analitaya, linakupiza ngati chitenje pachingwe. Anayesanso, ndipo anapezeka akuyang'ana kumene wachokera, kwa ife tonse. Ana aang'ono anayamba kuseka. Akuluakulu sanaseke, ndipo zimenezo zinali zopweteka kuposa.

Pafupi nane panaima Hosea, mkulu wa madzi a Taizya, mnyamata wamtali amene wakhala akunyamula nsungwi ya kutsogolo kuyambira tsiku limene mtsikanayo anayamba kukwera. Ndinamufunsa chimene chavuta. Anakanda m'mutu, osandiyang'ana.

"Ba Madamu, ise chiwongolero sitinali kuchiona. Chili kumbuyo. Tinali kuziwa chabe kwamene afuna kuyenda."

Ndinamufunsa ngati Taizya sanalakwitsepo chingwe zaka zonsezi. Anati analakwitsapo, kambiri ndithu, koma mchenga wa Okutobala umawotcha, ndipo palibe mwa iwo anayi amene akanatha kumugwetserapo.

Sanadikire kuti ndiyankhe. Anavula malaya, anakodola anzake atatu, ndipo onse analowa m'madzi. Madziwo anawafika m'chiuno, kenaka m'chifuwa. Aliyense anapita pamalo pake, analowetsa phewa pansi pa bwato, ndipo bwato linaleka kuzungulira. Linawongoka, n'kuyamba kulowera kuchitunda cha kutchalitchi bwinobwino, mitu inayi ikusuzumira m'mbali mwake. Anthu anaomba m'manja. Amayi anaimba nthungululu ngati kuti mitu ija sakuiona. A Albert anati tsopano ndiye zayamba kuoneka ngati mpikisano, ndipo ahedi anagwedeza mutu, kukondwa kuti katundu wa boma wakwezedwako pang'ono.

Ndivomere kuti nanenso mtima unakhala pansi. Ndinkangofuna mwanayo afike kutsidya anthu asanamuonenso akuzungulira.

Taizya sanasangalale. Anayang'ana pansi, kumanzere, kumanja, mutu uliwonse pawokha. Madzi amanyamula mawu, choncho tonse tinamva.

"Hosea, siyani."

"Uzazungulira chabe."

"Nizungulire. Siyani manje."

Hosea anayendabe pang'ono, ngati sanamve. Taizya sanabwereze. Anangomuyang'ana. Mnyamatayo anatsitsa phewa, anzake n'kutsitsanso, ndipo anabwerera m'mbuyo.

Bwato linazunguliranso, kawiri kapena katatu, ndipo nthungululu zinazima. Taizya anasiya kulimbana ndi chiwongolero. Anakhala phee, akuyang'ana thanga, chingwe chili lende m'manja, kwa nthawi yaitali moti ahedi anayamba kufunsa ngati wagona. Kenaka anakoka pang'ono. Thanga linakupiza. Anamasula, anasuntha thupi, anakokanso pang'ono, ndipo thanga linatupa n'kukhala chotupa.

Bwato linayenda. Silinayende bwino. Linkapita cham'mbali, chifukwa thabwa limene amalowetsa pansi pa bwato kuti lisatengeke linali litakhala chitseko cha khola la nkhuku za ahedi kwa zaka zambiri, ndipo palibe ankadziwa ntchito yake. Liwiro lake linali la munthu wochokera kumaliro. Silinalowerenso kutchalitchi, koma kumunda kwa mai Eneless, kumene ngayaye za chimanga zinkaoneka pamwamba pa madzi. Ahedi anakuwa kuti kouma si kumeneko. A Albert anaimba wezulo mpaka kutsamwa, n'kulengeza kuti woyendetsa waphwanya malamulo onse ndipo wachotsedwa mumpikisano.

Taizya sanacheuke. Anadutsa zigoli, thanga linagwa posowa mphepo, analidzutsanso yekha. Kuchokera pakhonde ndinkaona kamsana kake kokha ndi chigongono chikugwira ntchito. Ndinalira, ndipo sindinabise.

Anthu onse anathamangira kumbali ya kumunda kuti akaone kumene akathere. Pabwalo panatsala anyamata anayi aja, madzi ali m'chifuwa, ataimabe monga amaimira, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, pakati pawo popanda kanthu. Ndinawaitana kuti atuluke asanadwale. Atatu anatuluka. Hosea anatsalira, phewa limodzi lili chokweza, akuyang'ana bwato likupita popanda iye.