Yunifolomu ya Kaputeni Mphezi

1.
Tangoganizani: yunifolomu imene Kaputeni Mphezi amavala m'mavidiyo ake a pa foni inasokedwa kuti?

2.
Anyamata akwathu! Ndine Kaputeni Mphezi, ndikulankhula kuchokera kunkhondo, kutsidya kwa nyanja. Kuno tikumenyera chilungamo, inu mukumenyera mpando m'minibasi. Mwamuna sawerenga zipolopolo. Dinani apa.

3.
Ine ndine Kachingwe, telala wa pakhonde ku Kawale. Mwana wanga Lonjezo ali ndi zaka makumi awiri.

Wadina.

4.
M'chikwama chake: pasipoti, juzi, Baibulo la malemu amayi ake, nsapato zanga. Ndege ndi Lachinayi.

5.
Adadi, inu nkhondo yanu ndi ya singano.
Singanoyo ndiyo inakulera, iwe.
Kaputeni akuti mwamuna sawerenga zipolopolo.
Wowerenga ndi wotsala kumudzi. Bweretsa foniyo ndimuone Kaputeni wakoyo.

6.
Ndinaonera kanayi, utsi kumbuyo kwake, mizinga ikulira, mbendera ya dziko limene Lonjezo sangaliloze pa mapu, koma maso anga sanali pa utsi, telala amayang'ana msoko monga wometa amayang'ana mutu, ndipo ndinaona thumba lakumanzere lopendekeka pang'ono, ndinaona mabatani obiriwira anayi, lachisanu labuluu, ndinati imitsa pomwepo, kulitsa chithunzicho

7.
Telala sataya zidutswa.

8.
Lonjezo anandiyang'ana ndikukhuthula thumba la pansi pa makina. Zitenje za ukwati, khaki wa sukulu, nsalu ya maliro. Kenako kachidutswa kamawangamawanga. Ndinakayala pambali pa foni. Anakatembenuza, anakanunkhiza, anayang'ananso Kaputeni.

Adadi, mwakatenga kuti?

9.
Anzako okwera nawo Lachinayi alipo angati?
Asanu.
Adzakhulupirira mawu a telala?
Amakhulupirira vidiyo.
Ndiye ndijambule. Gwira foniyo ndi manja awiri.

10.
Pasipoti anaisiya pa makina, pafupi ndi sizasi. Anati yambani ndi funso, adadi, anthu amakonda funso.

11.
Inasokedwa pano, pa khonde lino, mwezi wa Juni. Ndinaisoka ndine. Mwiniwake amakhala kuseri kwa chigayo, ndipo anandiuza kuti ndi ya sewero la kutchalitchi. Mabatani obiriwira anandithera, ndinaika labuluu.